Nthambi ya Mlombwa pa Mphambano

Mtembo wa a Francisko Makawa anautsitsa m'phiri la Chiradzulu cha m'ma 2 koloko masana, pa machira a nsungwi ziwiri ndi chitenje, thope likudontha m'makutu. Pofika 3 koloko, munthu amene anawatsogolera kukayenda m'nkhalangomo anali atatsekeredwa kale m'kachipinda ka apolisi a pamsika, ndipo panja anyamata a njinga zamoto anali atayamba kufunsana amene ali ndi petulo wotsala.

Bibiana Mulipa analimva phokosolo ali kuseri kwa nyumba yake, akupalira maluwa amene ankakana kukula. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anazithera ku Mangalande akusambitsa nkhalamba za eni ake, iye amene kale ankafufuza milandu ya kupha ku Zomba. Anabwerako chaka chatha ndi mawondo otupa ndi makatoni a mabuku, n'kupeza phiri limene ankalilota m'chisanu chonse chija litametedwa mpala ngati mutu wa namfedwa. Zambiri za kwawo sankazimvetsanso, koma phokoso la anthu ofuna kuotcha mnzawo ankalidziwa. Anaponya kakhasu pansi n'kutenga ndodo yake.

Sajeni Vincent anali yekha pantchito Loweruka limenelo. Anamulowetsa msangamsanga n'kukhomanso chitseko.

"Galimoto ya ku boma ili ku ngozi ina, akuti ifika 6 koloko," anatero sajeniyo, thukuta lili kamukamu. "Chitseko ichi mukuchiona nokha, amayi. Mwana wa sukulu akhoza kuchigwetsa ndi phewa. Ngati nzeru zanu za ku Zomba zija zilipobe, zitulutseni lero."

"Mwagwira ndani?"

"Ignasio Nampuluma. Manja ake ali psuu."

Bibiana anakhala naye benchi limodzi Ignasio ku pulayimale. Ignasioyo anadzakhala mlenje, ndipo nyama zitatha anasanduka woperekeza alendo a m'tauni okonda kuyenda m'phiri ndi kujambula mbalame. Anamupeza atakhala pansi, thope litauma mpaka m'khosi.

"Achemwali," anatero Ignasio osadzuka. "Mwabwera kudzaonerera?"

"Ndabwera kudzamva. Yambani poyambira."

"Tinali anayi. Ine, bwana Makawa, mwana wawo Fiona, ndi Calvin, mwana wa mlongo wawo. Tanyamuka 8 koloko. Taona nkhwali, taona apusi, taona mapazi a fisi pamchenga. Bwana aseka, akuti afisi okha ndiwo sanasamuke. Kenako ayamba kutsalira. Akuti, 'Tsogolani, paini ameneyu ndinadzala ndine ndili wa zankhalango, sindingasochere m'munda mwanga.' Ine ndatsogola kukaona ngati mbira zatuluka pathanthwe. Pa mphambano paja mukupadziwa: ya kumanja ikupita kudambo, ya kumanzere kupaini. Ndadula nthambi pa chitsa cha mlombwa, ndatseka ya kudambo. Ndalembanso mzere ndi chidendene. Monga timachitira."

Monga timachitira. Bibiana anaziphunzira zimenezo asanadziwe kulemba dzina lake: wotsogola akafika pamene njira zagawikana, amagoneka nthambi yaiwisi pa njira imene wotsalira asalowe. Yotsekedwayo umaisiya, yotsegukayo ndiyo yako.

"Bweretsani manja."

Anawagwira, anawanunkhiza. Chofiiracho chinkamata zala ngati ulimbo. Mlombwa ukaudula umatuluka utomoni wofiira ngati magazi a munthu wobayidwa.

"Awa si magazi, a Sajeni."

"Iyenso akutero. Koma manja si nkhani, amayi. Nkhani ndi mayi ali pakhondepo. Anawaona malemu ali moyo, ndipo malemuwo anamutchula Ignasio ndi pakamwa pawo."

*

Farida, mayi woluka mikeka, anali atakhala pa mtolo wake wa mlulu, akudzipepesera mphepo ndi nsonga ya mpango.

"Walahi amayi, ine ndikunena zimene ndamva ndi makutu awa. Ndikutuluka kudambo ndi mtolo, ndakumana nawo bambowo. Chipewa choyera, zoonera patali zikulendewera pakhosi ngati belu la ng'ombe. Ndati, 'Che bwana, kumeneko kulibe njira.' Akuti, 'Mama, Ignasio wanditsekera ya kupaini ndi nthambi, ndiye kuti yabwino ndi ino. Kutsogoloku kuli mlatho wa mitengo, ndinaumanga ndine.' Mlatho! Mlatho umene tinaphikira nyemba chaka cha njala chija!"

"Simunawauze?"

"Ndawauzatu. Andiseka. Munthu wovala nsapato zoterozo umamugwira mkono iwe wa mlulu? Ndiye dambo lija si la kale, amayi. Dothi lonse limene lakokoloka m'phirimu lakathera mmenemo. Pamwamba udzu uli biriwiri ngati bwalo la mpira, pansi ndi phala. Chaka chatha linameza mwana wa ng'ombe."

"Nthambiyo inu munaiona?"

"Ndaidutsa pambali. Inali pa ya kupaini, ndithu. Che Ignasio ndimawadziwa, si munthu woipa, koma nthambi sinama."

Mwala woyamba unagwa pa malata. Bibiana sanayang'ane m'mwamba.

Fiona anali mkati, pa benchi la odandaula, akunjenjemera m'zovala zonyowa. Anali wa zaka ngati makumi atatu, wobadwira ndi kukulira ku Namiwawa. Foni anaigwira ndi manja awiri ngati ingamuthawe.

"Adadi akhala akunena chaka chonse kuti akandionetse mitengo yawo. Calvin ndiye amati tipite ku Zomba, kuli misewu yabwino, kuno kulibe choona. Mpaka m'mawa m'galimoto amakanganabe."

"Pa mphambano munafika ndi ndani?"

"Ndekha. A Ignasio ndi Calvin anali kutsogolo. Ine ndinaima kujambula mbalame ija ya mutu ngati hamala, adadi anati ndi nantchengwa. Iwo anakhala pamwala kuti apume, akuti ndizipita andipeza."

"Munadziwa bwanji njira yolowa?"

"Anandisiyira chizindikiro. Panali nthambi pa njira ya kumanzere, ndiye ndinaitsata."

Bibiana anatsamira ndodo yake. "Munaitsata bwanji?"

"Ndinaidumpha n'kupitirira. Si ndiye tanthauzo lake? Kuti dzera uku?"

Mwana wa m'tauni anapulumuka chifukwa chosadziwa mwambo, bambo ake anafa chifukwa choudziwa. Bibiana akanakhala kuti akuwerenga m'buku akanaseka.

"Mutadumpha, munapeza ndani?"

"Calvin. Pang'ono pokha kutsogolo, atakhala pachitsa. Amati akumanga chingwe cha nsapato." Fiona anakweza maso. "Amayi, a Ignasio ndi amene analowa m'thope muja kukawatulutsa adadi. Munthu angakuphe n'kudzakulowereranso m'thope?"

"Ndaonapo otero," anatero Bibiana. "A Sajeni, mundisungire anthu anayi onsewa: Ignasio, Farida, Fiona ndi Calvin. Ndikupita kuphiri."

"Ndi mawondo amenewo? Amayi, ndi 4 koloko!"

*

Njinga yamoto inamusiya pamene msewu unathera. Kuchoka apo anakwera yekha, akutukwana bondo lililonse ndi dzina lake.

Ali mtsikana ankabwera kuno ndi anzake kudzazula bowa. Nthawi imeneyo ukalowa m'paini dzuwa linkatsala kunja. Pansi pankakhala pofewa ngati matiresi, mphepo inkalira m'mwamba ngati mtsinje wakutali, ndipo agwape ankakuyang'ana kaye asanathawe. Fungo limenelo ndi limene ankalifunafuna m'mabotolo a mankhwala okolopera ku Mangalande, iye ali chogwada m'bafa la mzungu. Tsopano ankadutsa m'minda ya nandolo yokwera mpaka pamene khasu lingaterereke, ndi zitsa, zitsa, zitsa. Paini wotsala anali kagulu kamodzi pamwamba, ngati tsitsi la pankhongo pa munthu wadazi.

Pa mphambano anapeza nthambi ija ili pa njira ya kupaini, yopondedwapondedwa ndi onyamula mtembo. Anaitukula ndi ndodo. Pansi pake panali pouma, kadontho kamodzi kokha.

Anatembenukira ku njira ya kudambo, n'kugwada movutika. Pa udzu wa pakhomo pa njirayo panali madontho ofiira, akuda m'mbali, oundana pamalo amodzi pamene thako la nthambi linagona. Nyerere ziwiri zinali zitamatirira momwemo. Pambali pake panali mzere wa chidendene, wina ataufufuta ndi nsapato ya mano, koma nsonga zake ziwiri zinatsala. Ignasio ankavala nkhwaira za matayala.

Nthambi imakhetsa utomoni pamene yayamba kugona. Inagona kudambo mpaka kutsala pang'ono kuuma, kenako wina anaisamutsa.

Koma chifukwa chiyani? Bibiana analowa njira ya kupaini. Sanayende mtunda. Kuseri kwa mitengo yoyamba kunali mbee, kuwala kumene sikunayenera kukhalako. Zitsa zatsopano zoposa makumi atatu, zina atazifunditsa masamba mothamanga, utuchi ukadali woyera, ndi mulu wa matabwa pansi pa pulasitiki yakuda. Mlendo wa m'tauni akanadutsa osaona kanthu. Munthu amene anadzala mitengoyo akanaima pomwepo n'kufunsa dzina.

Anadula kamphukira kena pa chitsa cha mlombwa, n'kukakulunga m'mpango. Kumunsi, kumsika, kunkakwera utsi wakuda. Anthu aja anali atayatsa tayala.

*

Analowera kukhomo la kuseri nthawi itadutsa 5 koloko. Galasi la zenera limodzi linali litasweka kale. Panja ankaimba dzina la Ignasio ngati nyimbo ya mpira.

Anayamba wapita ku kachipinda kaja. "Matabwa ali m'painimo ndi a ndani?"

Ignasio anayang'ana pansi.

"A Nampuluma, tayala lija ayatsira inu."

"Ndi a Calvin," anatero pomaliza. "Ocheka ake anawauza kuti lero asaoneke. Anandipempha kuti ndiwadutsitse bwana kwina. Ndinavomera pakamwa. Koma ndinafuna aone okha."

Calvin anali ataimirira pakona ya ofesi, foni kukhutu, akukambirana za bokosi. Anali mnyamata wosalala, wonunkhira, atavala jekete yotseka mpaka m'khosi m'chipinda chimene sajeni ankatuluka thukuta ngati m'bafa. Anadula foni n'kumwetulira mwaulemu.

"Madamu, ndamva kuti munali a polisi kale. Tikuthokoza. Koma mukudziwa, banja lili pachisoni, ndiye ngati n'kotheka tifulumire."

"Tifulumira. Nthambi ya pa mphambano munaiona ili pati?"

"Kunena zoona, sindinaone nthambi iliyonse. Ine zakumudzi izi ndinaziiwala kalekale."

"Iwe?" anatero Fiona ali pabenchi. "Si iwe unkandiseka pa holide kuti msuweni wanga sadziwa ngakhale kutchera mbewa? Unaweta mbuzi kuno mpaka fomu 2."

"Fifi, si nthawi yake ino."

"Munatsalira kumbuyo kwa a Ignasio chifukwa chiyani?" anafunsa Bibiana.

"Chingwe cha nsapato. Ndi mlandu?"

"Ayi. Tangoonani msuweni wanu mmene akunjenjemerera. Zovala zake zanyowa kuyambira masana. Mubwerekeni jekete."

"M'galimoto muli bulangeti."

"Galimoto ili pakati pa anthu aja. Kapena mukatenge?"

Mwala wina unagwa pa malata, waukulu. Calvin anayang'ana sajeni, anayang'ana Fiona amene anali atatambasula kale dzanja. Anatsegula zipi pang'onopang'ono.

Malaya ake anali oyera, a manja aatali. Pa mkono wa kumanja, kuyambira pa batani mpaka pafupi ndi chigongono, panali mzere wofiira woderako, ndipo wina anali atayesa kuupukuta n'kungoufalitsa.

"Magazi a ankolo," anatero msanga. "Powanyamula paja."

"Thope silibaya munthu. Amalume anu alibe bala ngakhale la minga, a Sajeni anawaona. Tapatseni kapu ya madzi ija."

Bibiana ananyowetsa nsonga ya mpango n'kupukuta pa mkonopo. Mpango unabwerako woyera. "Magazi a lero amasungunuka m'madzi ozizira. Ndachapa okwanira pa moyo wanga, a anthu akuda ndi a azungu omwe." Anamasula kamphukira kaja n'kukhudzitsa thako lake pa mkono winawo. Panatsala chidindo chofanana ndendende. "Mwati nthambi simunaione. Nanga inakugwirani bwanji dzanja?"

Calvin anakhala pansi, pa simenti penipeni.

"Ndimangofuna azungulire," anatero ndi mawu aang'ono. "Azungulire kudambo, akatulukire kuthanthwe, asadutse pa matabwa paja. Amanena okha kuti kuli mlatho. M'galimoto monse amanena za mlatho umenewo. Ine sindinapiteko zaka khumi ndi zisanu, ndikanadziwa bwanji? Fifi, ukuwadziwa ankolo. Akanaona zitsa zija akanandipereka okha kupolisi, pamaso pa amayi anga."

"Ndipo mmene anthu amamumenya Ignasio pomutsitsa m'phiri," anatero Bibiana, "mumadziwa kapena simumadziwa?"

Fiona anaivula jekete ija, imene anali atangoiponya pamapewa, n'kuisiya igwe pansi.

Chitseko cha kutsogolo chinagwedezeka. Wina anali atachimenya ndi mtengo.

"Amayi," ananong'ona sajeni, "tikhale chete mpaka galimoto ifike. Tikanena kuti ndi uyu, amuotcha uyu."

"Tikakhala chete alowa kudzatenga uyo. Chitseko ichi sichifika 6 koloko, mwanena nokha. Mutulutseni Ignasio, mulowetse Calvin, kiyi muike m'sokosi." Anatembenukira kwa Fiona. "Mwana wanga, ine anthu awa sakundidziwa. Theka la iwo anabadwa ine nditapita. Sajeni samukhulupirira. Amene angamumvere ndi mwana wa malemu yekha. Mungathe?"

Fiona anapukuta kumaso ndi kuseri kwa dzanja, n'kusiya thope pa tsaya. Anamugwira Ignasio padzanja lofiira lija.

Atatsegula chitseko phokoso linakwera ngati mvula ya matalala, kenako linayamba kuduka, kuyambira kutsogolo kupita kumbuyo, anthu ataona amene wagwira dzanja la ndani.

"Ine ndine Fiona Makawa," anatero mokweza. "Amene amwalira ndi bambo anga, si anu. Bambo awa ndi amene analowa m'thope mpaka m'khosi kukawatulutsa. Sanawaphe. Amene awakhudze ayambe wandikhudza ine."

"Nanga magaziwo?" anakuwa mnyamata wina wonyamula chigubu.

Bibiana anatukula kamphukira kaja, n'kukathyola pakati. Utomoni unatsika pa chala chake, wofiira, pamaso pa onse.

"Mlombwa," anatero bambo wina wachikulire, mwamanyazi.

"Mlombwa," anabwereza Bibiana. "Anthu mazana awiri obadwira pansi pa phiri ili, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ananunkhiza manja ake. Mwaudula wonse mpaka mwaiwala kuti umatuluka chiyani."

"Ine ndinanenatu kuti Che Ignasio si munthu woipa!" anafuula Farida ali pa mtolo wake.

Mnyamata wa chigubu anachitsitsa pansi. Anthu a kutsogolo anapatukana pang'ono, panaoneka kanjira kopita kumsika. Koma kumbuyo wina anali atawerenga kale amene atuluka ndi amene sanatuluke.

"Ngati si iyeyu, ndi ndani? Wa jekete uja ali kuti?"

Funsolo linayenda m'khamumo ngati moto wa m'udzu. Bibiana anamukankhira Fiona mkati, anakoka chitseko kumbuyo kwake, n'kukhala pa sitepe, ndodo ataipingasa pamawondo. Wotchi yake inkati kwatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu, ngati a ku boma ananena zoona.

"Pitani kwanu, a Nampuluma," anatero osamuyang'ana. "Njira ndi imeneyo. Muyende, musathamange."

Ignasio anayang'ana kanjirako, anayang'ana tayala limene linkafukabe pakati pa msewu.

"Ndikapita, akamuotcha mwanayu, mawa anena kuti ndinawatuma ndine," anatero. "Tasunthani, achemwali. Mwadzaza sitepe yonse."